Anyezi akungopserera: kaphikidwe ka ma noodles a mafuta a anyezi a ku Shanghai

"Akatswiri athu, amuna anga adakhala zaka zitatu ku Shanghai pa maphunziro, ndipo chibwerereni sasiya kutchula ma noodles ena osakaniza ndi mafuta a anyezi amene ankadya m'mawa asanapite m'kalasi. Ndayesa kawiri kuwaphikira. Ulendo woyamba anyezi adada bii, chakudya chonse n'kumawawa ngati mankhwala. Ulendo wachiwiri ndidachita mantha n'kuphula msanga, ndiye zidangokhala mafuta okhaokha opanda fungo, komanso mafutawo adandithethekera pamkono nditathira sosi. Iwo adadya osanena kanthu, koma ndidaona pankhope. Nthawi zambiri ndimaphikira pa mbaula chifukwa cha magetsi. Kodi ndikulakwitsa pati? Sipageti angagwire ntchito? Nanga ndingapange mafutawa ambiri n'kusunga m'kabati? Ndionjezereponso kuti amuna angawo ali ndi BP." Watero mayi wina wa ku Lilongwe.

Mayi, mtima m'malo. Zimene zakuchitikiranizi ndaziona kwa pafupifupi aliyense amene ndamuphunzitsa chakudya chimenechi, ngakhale anthu oti akhala m'khitchini zaka zambiri. Manja anu alibe vuto. Kuwawa kwa ulendo woyamba ndi kuzizira kwa ulendo wachiwiri zonse zachokera pamalo amodzi, pa moto ndi nthawi, ndipo zimenezi zimakonzeka tsiku limodzi.

Chakudya chimene amuna anu akuchisowa dzina lake pa Chitchaina ndi cong you ban mian. Cong ndi anyezi wamasamba, you ndi mafuta, ban ndi kusakaniza, mian ndi ma noodles a ufa wa tirigu. Kwawo kwenikweni ndi ku Shanghai ndi madera oyandikana nawo, kumene mtsinje wa Yangtze umathira m'nyanja. Anthu a kumeneko amakonda chakudya chothira sosi wa soya ndi shuga, chooneka chofiirira ndi chonyezimira mafuta. Si chakudya cha pa phwando ayi. Ndi cha m'timalesitilanti tam'mbali mwa msewu, cha munthu wothamangira ku ntchito kapena wophunzira wa ndalama zochepa. Muli zinthu zisanu zokha: ma noodles, anyezi, mafuta, sosi ndi shuga. Kuchepa kwa zinthuku ndiye kumene kumavutitsa, chifukwa mulibe nyama, tomato kapena tsabola woti n'kubisa pamene palakwika. Anyezi akapserera, mbale yonse yapserera.

Ine ndidaphunzira kwa bambo wina wachikulire wa kudera lomwelo amene ndidagwira naye ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina. Alendo sankawaphikira chakudyachi, ankaphikira ife antchito masana ntchito ikachepa. Anyezi ankatsuka m'mawa n'kuyanika pa kansalu, ndipo asanadule ankayamba wakhudza ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati pali chinyezi. Akaika poto pamoto sankachoka. Ankaima pompo, mutu atapendeketsa, kumvetsera mafuta. Tsiku lina ndidafuna kukweza moto kuti tidye msanga, iwo adangondigwira dzanja n'kuloza wotchi yapakhoma. Padapita mphindi 25 asanaphule. Fungo limene lidadzaza khitchini tsiku limenelo ndi limene ndimayezera mpaka lero.

Ndikufotokozereni chimene chimachitika m'potomo, chifukwa mukachimvetsa simudzafunanso kuloweza kanthu. Anyezi wamasamba ndi madzi pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse. Mukamuika m'mafuta otentha, timathovu timene mumaona ndi madziwo akutuluka ngati nthunzi. Nthawi yonse imene madzi akutuluka, anyeziyo satentha kupitirira kwambiri madigiri 100, ndipo fungo lake limalowa m'mafuta pang'onopang'ono. Madzi akatha, kutentha kumakwera mwachangu, shuga wachilengedwe amene ali mu anyezi amayamba kufiira, ndipo apa ndi pamene fungo lokoma lija limabadwa. Koma pakati pa kufiira ndi kupserera m'pafupi kwambiri. Pa moto waukulu ndi kanthawi kosakwana mphindi imodzi, mwinanso nsonga za masamba zimapserera tsinde likadali laliwisi. Pa moto wochepa kanthawi kameneka kamatalika, mumakhala ndi mpata woona ndi kuphula. Ulendo woyamba mudapitirira malire amenewa. Ulendo wachiwiri mudaphula madzi asanathe, anyezi adangofota osafiira, n'chifukwa chake mafuta adalibe fungo.

Mukudziwa mmene mtedza umachitira pokazinga. Mukadikira kuti uoneke wakupsa uli m'chiwaya, pofika m'lichero wapserera, chifukwa umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Anyezi uyunso ndi chimodzimodzi. Muphule akadali wofiirira ngati uchi, osadikira kuti afike mtundu wa khofi. Akamazizira adzadera yekha pang'ono n'kuuma kuti khirichi.

Tsono za mbaula. Musaione ngati chopinga, ine ndimaikonda pa ntchito imeneyi bola mudziwe nthawi yake. Makala ongoyaka kumene, ofiira psuu, ndi adani a chakudyachi. Yambani mwaphika zina zonse, ndipo mafuta a anyezi akhale omaliza, pamene makala achita phulusa loyera pamwamba. Ngati akadali ambiri, chotsaniko ena, ndipo kachitseko kolowera mpweya mukatseke. Muyeso wake ndi wa khutu: mafuta azilira mwakachetechete, timathovu ting'onoting'ono tikutuluka m'mbali mwa anyezi. Mukamva akuthetheka ngati mukukazinga tchipisi, kapena mukaona utsi, nyamulani poto muike pansi kwa kanthawi kenaka mubwezere. Kutero si kulephera, ophika onse amatero. Pa magetsi kapena gasi, tsitsani mpaka pafupi ndi pansi penipeni. Poto akhale wamng'ono koma wokhuthala pansi. Chiwaya chopyapyala chachikulu chimatentha pakati pokha, ndipo mafuta amamwazika osamiza anyezi.

Posankha anyezi pamsika, funani wamasamba wowonda, amene mutu wake sunakule. Ameneyo ndiye wofanana ndi wa ku Shanghai. Mukapeza wa timitu tatikulu pang'ono, palibe vuto, timituto mutidule mopyapyala. Masamba aakulu okhala ndi tonanda m'kati muwang'ambe m'litali kuti aume. Masamba achikasu ndi ofota tayani, amabweretsa kuwawa. Anyezi wamitu yekha, wopanda masamba, amatulutsa mafuta otsekemera bwino ndithu koma si kukoma kumene amuna anu akukumbukira. Chimene mungachite ndi kuonjezera theka la anyezi wofiira wamng'ono pamwamba pa wamasambayo, monga amachitira ophika ena ku China komweko, koma wamasamba akhale ndiye mwini mbale.

Mukatsuka, umitsani. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa anthu ambiri amazidumpha. Yanikani pa kansalu koyera kapena pa lichero kwa ola limodzi, kapena pukutani tsamba lililonse. Dontho la madzi m'mafuta otentha ndilo limathetheka n'kukuotchani, komanso limatalikitsa ntchito.

Mafuta akhale opanda fungo lao, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza oyengedwa bwino. Otsala pokazinga nsomba kapena tchipisi ayi, chifukwa pano mafuta ndiwo ndiwo zake. Kale ku Shanghai ambiri ankagwiritsa ntchito mafuta a nkhumba, ndipo ena amathirabe supuni imodzi kuti kukoma kuzame. Kwa amuna anu, ndi BP yaoyo, ndingati zimenezo zisiyeni.

Sosi wa soya alipo wamitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka m'sitolo. Woyamba Atchaina amamutcha sheng chou, pa botolo amalemba kuti light. Ndi wamadzimadzi, wofiirira, ndipo ntchito yake ndi mchere ndi kukoma. Wachiwiri ndi lao chou, pa botolo amalemba kuti dark. Ndi wokhuthala, wakuda, wotsekemera pang'ono chifukwa amamuthira shuga wowotcha, ndipo ntchito yake yaikulu ndi mtundu. Mtundu wofiirira wonyezimira umene amuna anu adzauzindikire asanalawe umachokera kwa ameneyu. Makampani monga Lee Kum Kee ndi Pearl River Bridge amapanga mitundu yonse iwiri, ndipo malo oyamba kufufuza ndi masitolo ogulitsa zakudya za Atchaina. Kikkoman ndi wa ku Japan, koma akhoza kulowa m'malo mwa woyamba uja bwinobwino. Werengani zolembedwa kuseri kwa botolo: sosi wabwino amapangidwa ndi soya, tirigu, mchere ndi madzi, zosasitsidwa kwa miyezi. Mukasowa wakudayo, musachulukitse woyamba pofuna mtundu, mudzangowawitsa mchere. Ingolandirani mtundu wotuwirako, kapena gwiritsani ntchito shuga wabulauni m'malo mwa woyera.

Miyeso imene ndimagwiritsa ntchito pa anthu anayi kapena asanu ndi iyi: anyezi magalamu 150, amene ndi timitolo tiwiri kapena titatu ta pamsika malinga ndi kukula kwake, mafuta mamililita 120 kapena kuti theka la kapu, sosi woyamba masupuni aakulu 3, wakuda masupuni aakulu 2, ndi shuga supuni yaikulu imodzi ndi theka. Ma noodles ouma ndi magalamu pafupifupi 100 pa munthu mmodzi.

Dulani anyezi m'zidutswa zotalika ngati chala, masentimita 5 kapena 6. Mbali yoyera muiike payokha ndipo muing'ambe pakati m'litali, yobiriwira payokhanso. Musadule tating'onoting'ono ngati tothira mu ndiwo, timeneto timapserera msanga ndipo tivuta kuvuula. Thirani mafuta m'poto, ikani mbali yoyera mafuta akadali ozizira, ndiye muike pamoto. Kuyambira m'mafuta ozizira ndi theka la chinsinsi chonse. Pakapita mphindi 6 mpaka 8, zoyerazo zikafota n'kuyamba kuchita chikasu m'mphepete, thirani masamba. Poyamba adzaoneka ochuluka kuposa mafuta, musaonjezere mafuta, adzafota okha n'kumira. Takasani mwa apo ndi apo. Mtundu udzasintha kuchoka kobiriwira kowala, kupita kobiriwira kotuwa, kenaka kofiirira. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 20 mpaka 25.

Mphindi zisanu zomaliza musayankhe foni, musapite kukaona mwana pakhonde. Timathovu tidzayamba kuchepa, phokoso lidzatsika, ndipo fungo lidzasintha kuchoka la anyezi wamuwisi loyabwa m'maso kupita lotsekemera ngati la mtedza wokazinga. Mukatukula tsamba limodzi ndi foloko lidzakhala louma, losapindika lende. Pamenepo phulani poto ndi kuvuula anyezi yense, mumuyale pa mbale. Ngati tsamba limodzi kapena awiri ada kwambiri, achotseni. Lawani kamodzi. Kakakhala kotsekemera ndi kokhirichika, mwapambana. Kakawawa, ndiye kuti mafutanso awawa, ndipo ndikuuzeni zoona, palibe shuga amene angawakonze. Ndi bwino kutaya theka la kapu ya mafuta kusiyana ndi kuononga chakudya cha banja lonse.

Pano ndi pamene mudapsa mkono. Sosi wa soya ndi madzi, ndipo mudamuthira m'mafuta otentha kuposa madzi owira. Madziwo adasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuponya mafuta m'mwamba. Njira yake ndi iyi: poto ali pansi, osati pamoto, dikirani mphindi zitatu. Sakanizani sosi yense ndi shuga m'kapu, kenaka thirani pang'onopang'ono kuchokera m'mbali mwa poto, nkhope mutaibweza m'mbuyo. Zidzachita thovu pang'ono koma sizidzathetheka. Bwezerani pamoto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukutakasa, mpaka shuga asungunuke. Musawiritse nthawi yaitali, sosi wa soya akapserera amawawanso. Mafuta ndi sosi sizidzagwirizana, mafuta adzayandama pamwamba. Ndi mmene zimakhalira, muzingotakasa musanatunge.

Za sipageti, inde angagwire ntchito. Ku Shanghai amagwiritsa ntchito ma noodles a tirigu owonda, nthawi zambiri aawisi, amene amapsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Mukapeza ouma a Chitchaina owonda, tengani amenewo. Mukasowa, sankhani sipageti wowonda kwambiri amene alipo pa shelefu. Ma noodles a m'timapaketi aja nawonso amatheka pa tsiku lothamanga, bola kapaketi ka zokometsera mukaike pambali, ngakhale kwa ine amachulutsa mafuta chifukwa ambiri mwa iwo adakazingidwa kale ku fakitale. Ma noodles a mpunga ayi, sagwira sosi mofanana.

Pali kanzeru kena kamene kadzakukumbutsani kwathu. Ma noodles ena a Chitchaina amakhala achikasu ndi otanuka pakamwa chifukwa popanga amathiramo madzi a soda, ndipo kale madzi amenewa ankawatenga ku phulusa la zomera, monga mmene agogo athu amachezera chidulo cha therere. Mukathira supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za soda wophikira pa lita imodzi ya madzi owiritsira sipageti, amasintha n'kuyandikira ku ma noodles amenewo. Madzi amafufuma kwambiri, choncho poto akhale wamkulu, ndipo mukachulutsa soda mudzamva kukoma kwa sopo. Koma kwa inu, mayi, njira imeneyi ndikuti muisiye, chifukwa soda wophikira alinso ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chili mu mchere chimene chimakweza BP.

Wiritsani ma noodles m'madzi ambiri owira kale, osathira mchere, osathira mafuta. Mchere uli kale mu sosi, ndipo mafuta a m'madzi amapangitsa kuti sosi aziterereka osagwira. Phulani akadali ndi kakulimba pakati, tsanulani madzi koma musungeko theka la kapu. Musawatsuke ndi madzi ozizira. Akadali otentha, ikani m'mbale ya munthu aliyense, thirani masupuni aakulu awiri a mafuta ndi sosi uja, ndipo sakanizani msangamsanga mpaka chingwe chilichonse chisinthe mtundu. Akaoneka ouma kapena omatana, thirani supuni ya madzi mudasunga aja. Pansi pa mbale sipayenera kukhala dziwe la mafuta. Anyezi wokazinga uja aikidwe pamwamba pomaliza kuti asafewe. Chakudyachi sichidikira munthu, anthu akhale atakhala kale pansi musanaphule ma noodles.

Afunseni amuna anu ngati m'mbale yao munkakhala tinkhanu ta m'nyanja touma, timene pa Chingerezi amati shrimp. Ku Shanghai timeneti amatitcha kaiyang, ndipo ambiri amati mbale yokwanira ndi imene ili nato. Amativiika kaye m'madzi ofunda kapena m'vinyo wa mpunga wa ku Shaoxing, mzinda wina wa ku China, kuti tifewe, kenaka amatikazinga m'mafuta omwewo a anyezi. Mukatipeza, kadzanja kamodzi n'kokwanira, mutiumitse bwino mukativiika ndipo mutikazinge mutavuula anyezi, musanathire sosi. Anthu amandifunsa ngati usipa ungalowe m'malo mwake. Ndidayesapo ndi usipa waung'ono wochotsa mitu, wokazinga paokha n'kuwaza pamwamba, ndipo ndi chakudya chokoma ndithu. Koma fungo la usipa ndi lamphamvu, limaphimba anyezi, ndipo munthu amene akufuna kukumbuka Shanghai sadzaipeza m'menemo. Yambani mwaphika chopanda kanthu mpaka chikukhalireni, zoyesayesa zibwere pambuyo.

Pa za BP ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa chakudyachi chili ndi mchere wambiri ngakhale simuthiramo mchere ndi dzanja. Supuni yaikulu imodzi ya sosi wa soya imakhala ndi sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 900. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 pa tsiku, amene ndi mchere magalamu 5, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Ndi miyeso ndakupatsaniyi, mbale imodzi imatha kudya theka la muyeso wa tsiku lonse. Musanyengedwe ndi liwu loti light pa botolo, limanena za mtundu ndi kupyapyala, osati kuchepa kwa mchere. Sosi wochepetsedwa mchere alipo, ndipo amalembedwa momveka kuti mchere wachepetsedwa.

Chimene ndingachite ndikadakhala inu ndi ichi. Musanathire sosi m'poto, patulani mafuta a anyezi pang'ono muike m'kapu. Mbale ya amuna anu muithire supuni imodzi ya mafuta oyerawo ndi supuni imodzi yokha ya osakaniza ndi sosi aja, ndiye muchulutse anyezi wokazinga pamwamba. Fungo limachokera ku anyezi, choncho sadzamva kuti mwawamana. Apa sipageti ali ndi ubwino wake, chifukwa alibe mchere pomwe ma noodles ouma ambiri a Chitchaina amakhala nawo kale. Pambali ikani masamba a chainizi ongoviika mphindi imodzi m'madzi owiritsira ma noodles aja, ndi dzira limodzi, kuti mbale ya ma noodles ichepe koma akhute. Tsiku limenelo zakudya zina zikhale zochepa mchere, ndipo chakudyachi chikhale cha kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, osati cha m'mawa uliwonse ngati nthawi ya sukulu ija. Akapita kukayezetsa, atchule kwa adokotala kapena anamwino kuti kunyumba mwayamba kugwiritsa ntchito sosi wa soya. Ndipo musagule mchere wa potaziyamu, wolowa m'malo mwa mchere wamba, musanafunse kuchipatala, chifukwa sugwirizana ndi mankhwala ena a BP komanso ndi woopsa kwa amene impso zao sizikugwira bwino ntchito. Ngati pabanjapo pali wa matenda a shuga, akumbukire kuti ma noodles ndi shuga wathirayo zonse zimakweza shuga m'magazi. Amene thupi lake limadana ndi tirigu, soya kapena nkhanu asalawe n'komwe, ndipo wina akadya n'kutupa milomo kapena kubanika, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Funso lanu lomaliza, la kusunga m'kabati, yankho langa ndi ayi. Ndikudziwa kuti n'zokopa, poti ntchito ya mphindi 25 munthu amafuna aichite kamodzi. Koma masamba, anyezi kapena adyo womizidwa m'mafuta pamalo ofunda ndi malo amene kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum kamakonda, chifukwa kamakula kumene kulibe mpweya. Poizoni wake sanunkha, saoneka, sasintha kukoma. Si kawirikawiri kuti zichitike, makamaka anyezi akauma bwino, koma zikachitika zimatha kupha, ndipo m'khitchini ya panyumba palibe njira yotsimikizira kuti chinyezi chonse chatha. Sungani m'botolo lagalasi lotsuka ndi louma, m'furiji, ndipo muthe pasanathe masiku anayi. Ophika ena amasunga nthawi yotalikirapo, koma ndi magetsi ozimazima furiji simungaidalire, choncho ine ndimaima pa masiku anayi. Mukafuna kusunga kopitirira apo, gawani pang'onopang'ono muumitse mufiriza. Anyezi wokazinga musunge payekha m'kabotolo kotseka, akakhala m'mafuta amafewa. Supuni yotungira ikhale youma nthawi zonse. Ngati furiji mulibe kapena magetsi azima tsiku lonse, dulani miyeso pakati mupange za tsiku lomwelo. Munthu akadya mafuta osungidwa motere kenaka n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kugwa, kulephera kumeza kapena kulankhula bwino, kapena kufooka manja ndi miyendo, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala ndipo munene chimene wadya.

Za mkono wanu simunanene kuti pali bwanji tsopano. Mafuta akakuotchani, ikani malowo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, chotsani mphete kapena chibangili pasanatupe, ndipo phimbani ndi kansalu koyera kosamata. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena ufa musapakepo, zimangosunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo. Matuza musawaboole. Ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chanu, lili pankhope, pa zala kapena polumikizira mafupa, kapena layamba mafinya, kufiira mozungulira ndi kutentha thupi, kaonetseni kuchipatala. Kwa mwana wamng'ono pitani ngakhale bala lioneke lochepa. Ndipo mafuta akagwira moto m'poto, madzi ayi. Vundikirani ndi chivundikiro, zimitsani gasi kapena magetsi ngati ndi pamenepo mukuphikira, ndipo poto musamunyamule kuthamanga naye. Mbaula ikakhala pansi, ana akhale kutali mpaka mafuta azizire.

Ulendo wachitatuwu musauchite pa tsiku la alendo kapena pamene ana akulira njala. Sankhani Loweruka masana, nsima itapsa kale ndipo makala atafatsa. Pangani theka la miyeso kuti mtima usakhale pa mafuta amene angaonongeke. Popereka kwa amuna anu, musasakanize inu. Thirani mafuta ndi sosi pansi pa mbale, ma noodles otentha pamwamba, anyezi pamwamba penipeni, ndiye muwapatse timitengo todyera ngati adabwera nato kapena foloko, asakanize okha kuchokera pansi. Akalawa afunseni zinthu ziwiri zokha, ngati shuga wakwana ndiponso ngati mtundu wafika. Malo ophikira ku Shanghai amasiyana pa zimenezi, ena amatsekemeretsa kwambiri, ena amadetsa kwambiri, ndipo amene akudziwa mbale ya pakona imene ankadyapo ndi iwowo. Zimene anene mukonze ndi theka la supuni ulendo wotsatira, ndipo mudzandilembere kuti mkono wapola bwanji.